Kuchokera ku Likuni Kufika ku Nambuma

Tikamaŵerenga mbiri ya Eklezia kumadzulo ndi kumpoto kwa Lilongwe, timakumana ndi zaka ndiponso maina a akuluakulu. Ansembe a White Fathers adakhazikika ku Likuni m'chaka cha 1903. Mishoni ya Nambuma idatsegulidwa mu 1928, pamene Ambuye Mathurin Guillemé adali episkopi wa chigawo cha Nyasa. Ndipo mu 1959 masisiteri ochokera ku Luxembourg adayambitsa chipatala cha St Gabriel ku Namitete. Zonsezi nzoona, koma sizikwanira.

Pakati pa 1903 ndi 1928 padapita zaka 25. Nanga ndani ankaphunzitsa katekisimu m'midzi imene wansembe ankafikako mwa apo ndi apo? Adali aphunzitsi, ana a m'midzi momwemo. Mkangano wa mishoni ndi Nyau iwo adaupeza pakhomo pao penipeni, pakati pa mtsibweni ndi ana a mlongo wake, pamene wansembe adali atabwerera kale kumishoni. Ambuye Patrick Kalilombe, amene adakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972, polimbikitsa miphakati adamanga pa maziko a anthu ameneŵa. Maina ao ambiri adatsala m'mabuku a ubatizo, ndi pakamwa pa nkhalamba zimene ife ansembe tachedwa kukazifunsa.