Za Mayi Gertrude Kamkwatira, Mkazi wa Zisudzo

Ana a ku Mtandire ndi ku Mgona adziwa maina a akazi akunja amene awaona pa kanema, koma mukawatchulira Gertrude Kamkwatira angoti kakasi. Tsono tiyeni tikumbutsane za mayiyu, pakuti ntchito yake inali ya mtundu wosachedwa kuiwalika.

Kuti timvetse tiyambe ndi Du Chisiza, mwana wa Dunduzu Chisiza uja anamwalira m'chaka cha 1962. Iyeyu anayambitsa gulu la zisudzo la Wakhumbata Ensemble Theatre m'chaka cha 1987, nayesa chinthu chimene anthu anachiyesa misala: kudya za thukuta la zisudzo monga mlimi adya za khasu lake. Masiku amenewo anali a Dr. Banda, ndipo mwa lamulo la 1968 sewero lililonse linayenera kupita kwa akuluakulu a Boma kuti alipende lisanaonetsedwe. Mawu amodzi okhota akanatha kum'tengera munthu tsoka. M'gulu limeneli ndimo Gertrude anakulira pa ntchito, nasewera pamaso pa makamu a anthu, makamaka ku French Cultural Centre ku Blantyre.

Sichinali chapafupi kwa mkazi. Mwamuna akavala nkhope ya chidakwa pa bwalo, anthu aseka napita kwawo. Koma mkazi akasewera ngati wachiwerewere, ena am'tsata nalo dzinalo mpaka ku chitsime. Ife a mumpingo tidziwa bwino lilime lotere, pakuti silikhala kutali ndi mabenchi athu.

Du Chisiza anamwalira m'chaka cha 1999 ali ndi zaka 35 zokha, ndipo Gertrude ndiye anatenga utsogoleri wa Wakhumbata. Pambuyo pake anachokamo nayambitsa gulu lakelake la Wanna-Do Ensemble Theatre. Sanali wosewera chabe ayi, analinso mlembi ndi mphunzitsi wa anzake. Analemba masewero m'Chingerezi, ena mwa iwo ndiwo It's My Fault, Jesus' Retrial ndi Breaking the News, nanena poyera za nkhanza za m'banja ndi za matenda a Edzi, pa nthawi imene pa maliro anthu ankangoti malemu anadwala nthawi yaitali. Anakhalanso mtsogoleri wa bungwe la zisudzo la dziko lonse, National Theatre Association of Malawi. Anamwalira m'chaka cha 2006, ali ndi zaka ngati 40.

Nanga chifukwa ninji ana sam'dziwa? Taonani za mkazi wina wa ku Mexico, Dolores del Río. Iye anabadwa m'chaka cha 1904, natchuka ku Hollywood, nabwerera kwawo kukasewera m'kanema wotchedwa María Candelaria, amene analandira mphotho ku Cannes m'chaka cha 1946. Anamwalira mu 1983, koma nkhope yake ikali kuyenda ndi kulira pa nsalu, ndipo mdzukulu angathe kuiona monga anaionera agogo ake. Sewero la pa bwalo silitero. Nyali zikazima, latsala m'mitima ya amene analipo usiku umenewo, ndipo iwonso akupita mmodzimmodzi.

Akazi a kuno anadzalowa m'ntchito ya kanema pambuyo pake. Patapita zaka 10 chimwalirire Gertrude, m'chaka cha 2016, kanema wa Joyce Mhango Chavula analandira mphotho ku Lagos m'dziko la Nigeria, ndipo dzina la kanemayo ndi Lilongwe.