Njira za kum'mawa zolowera m'chigwa cha Domasi

Ku America, njira ya Oregon imene mabanja ankadutsa pa ngolo zokokedwa ndi ng'ombe m'zaka za m'ma 1840, ulendo wa makilomita oposa 3,000 kulowera kumadzulo, ikuonekabe malo ena chifukwa mawilo anakumba nthaka. Chigwa cha Domasi nacho chinadzazidwa ndi anthu olowera kumadzulo, koma iwo sanasiye mkwasa wotere. Kashembe sankalola ng'ombe kuyenda mtunda wautali, choncho katundu yense, mphika, khasu, mbewu ndi mphasa, ankayenda pamutu.

Oyamba kufika anali Ayao. Cha m'ma 1860, nkhondo ndi njala zitawasamutsa kwawo kumpoto kwa Mozambique, anapeza Amang'anja akulima m'munsi mwa mapiri a Zomba ndi Malosa. Ena analowa mwamtendere nakwatira m'midzi, ena anabwera ndi mfuti za malonda a minyanga ndi akapolo. Njala ya 1862 ndi 1863 itafooketsa eni nthaka, ulamuliro unagwera m'manja mwa mafumu monga Malemia ndi Kawinga wa kuphiri la Chikala. Pamene Alexander Hetherwick ankatsegula mishoni ya Domasi mu 1884, malowo anali kale a Malemia: mlendo wa dzulo ndiye anali wogawa malo.

Ulendo waukulu koposa unali wa Alomwe, ochokera kudera la phiri la Namuli. Kuyambira m'ma 1890 anathawa msonkho, chikwapu ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, nadutsa kum'mwera kwa nyanja ya Chilwa kapena pakati pa Chilwa ndi Chiuta, banja ndi banja. Kalembera wa 1921 anapeza Alomwe oposa 120,000 m'Nyasaland. Pofika 1945 anali pafupifupi 380,000.

Wofika kumene anali ndi makomo awiri ogogoda. Mfumu ya Chiyao inkamulandira mokondwa, pakuti ufumu umalemera ndi anthu, ndipo poti mitundu yonseyi imatsata kuchikazi, chikamwini chinalumikiza mabanja msanga. Khomo lina linali esiteti ya mzungu, kumene malo omanga nyumba ankalipiridwa ndi thangata: mwezi wogwirira lendi, wina wogwirira msonkho, ndipo mweziwo unkatalika malinga ndi mtima wa kapitawo. Wodandaula akanathawira kuti, kumbuyo kuli Mpwitikizi? Mkwiyo umenewu unaphulika ku Magomero, pa esiteti ya A. L. Bruce, mu Januwale 1915, pa kuukira kwa John Chilembwe.

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma awa anali mame osauma. Chimene chinawakakamira ndi dzina lonyoza loti Anguru, limene linalowa ngakhale m'mabuku a boma. Lewis Bandawe ndi anzake anakhazikitsa bungwe la Alomwe mu 1943, ndipo boma la atsamunda linavomera kumalemba kuti Alomwe.