Buku la Lufuno m'dera la migodi

Sukulu za ku Tlaseng, mudzi wa Abafokeng pafupi ndi Rustenburg, zadutsa m'zambiri. Lamulo la Bantu Education la 1953 linkakonzekeretsa ana achikuda ntchito zotsika, ndipo chikwapu chinkalamulira m'kalasi mpaka lamulo la 1996 linaletsa kumenya ophunzira. Koma nkhanza za ana okhaokha zinatsala.

Lero pa mabuku a Chingerezi a Giredi 10 pali Finders Keepers la Rosamund Haden, nkhani ya Lufuno, mtsikana wachivenda wonyozedwa ku Cape Town chifukwa cha mtundu wake. Migodi ya pulatinamu inakoka anthu a ku Eastern Cape, Lesotho, Mozambique ndi Malawi, ndipo ana a obwerawa amachidziwa chipongwe chotere. Bukuli limapatsa kalasi mpata wochikambirana poyera.