Mbiri ya Misewu ya M'maboma ndi Thumba Loikonzera

Misewu yambiri ya kumidzi m'Malawi inayamba ndi khasu. M'nthawi ya atsamunda, boma linkaika ndalama zake pa misewu yolumikiza Zomba, Blantyre ndi minda ya azungu, pomwe njira za kumudzi ankalambula ndi anthu eni ake polamulidwa ndi mafumu. Lamulo la 1933 linapatsa mafumu mphamvu zoyendetsera madera awo, ndipo la 1953 linabweretsa makhonsolo a maboma, omwe anasenza udindo wosamalira misewu ing'onoing'ono ndi milatho.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, mphamvu zambiri zinabwerera ku likulu. Makhonsolo anafooka, ndipo misewu ya fumbi inkadalira ntchito zodzithandiza, makamaka pa Sabata ya Achinyamata, pomwe ana asukulu ndi akuluakulu ankakwirira maenje ndi kukonza milatho popanda malipiro. Bungwe la MASAF litayamba mu 1995, anthu anayamba kulandirako kangachepe pa ntchito za mthandizi zolima misewu.

Kusintha kwakukulu kunadza mu 1998, pomwe boma linakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu pamodzi ndi lamulo latsopano la maboma ang'onoang'ono. Kuchokera apo, pempho la msewu limayambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, VDC, nkupita ku komiti ya ADC ya dera la mfumu yaikulu, kenaka nkulowa m'dongosolo la chitukuko la khonsolo. Njirayi inasokonekera pakati pa 2005 ndi 2014, pomwe dziko linakhala lopanda makhansala.

Ndalama zinatsata njira ina. Mu 2006, bungwe la National Roads Authority linagawidwa pawiri: Roads Authority yoyang'anira misewu, ndi Roads Fund Administration yosunga ndalama zochokera ku msonkho wa pa mafuta a galimoto. Thumba la bungwe lachiwirili linayamba kulandiranso ndalama za pa zipata zolipiritsa, kuyambira ndi cha Chingeni mu 2021. Mu 2006 momwemo munabadwanso thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, CDF, lomwe lamanga milatho ing'onoing'ono yambiri ngakhale lakhala likukanganitsa aphungu ndi makhansala.

Motero kusankha msewu woyenera kukonza kunatsikira kwa anthu, koma ndalama zambiri zimachokerabe ku likulu ndi kwa mabungwe othandiza, popeza zomwe makhonsolo amatolera m'misika ndi pa ziphaso za malonda ndi zochepa. Ndalamazo zikachedwa, mvula imapeza ngalande zisanakumbidwe, ndipo mlimi amasowa podutsitsa mbewu zake popita ku msika.