Liwu lobisa wowomba mfuti

Mogwase ndi tauni yaing'ono kumpoto kwa Rustenburg, m'munsi mwa mapiri a Pilanesberg, pafupi ndi Sun City. Ndiyo likulu la khonsolo ya Moses Kotane, ndipo mabanja ambiri kumeneko amadya za m'migodi ya pulatinamu. Anthu a dera limeneli akhala akulimva liwu lachingelezi lakuti "unrest" kwa zaka zambiri, pa wailesi, m'makhoti ndi m'zikalata za makampani.

Muzu wa liwuli ndi wofatsa. Limatanthauza kusowa mpumulo, monga wodwala amene akungotembenuka pamphasa. Omasulira nkhani amati chipwirikiti, zipolowe kapena chisokonezo, koma onsewa ndi mawu aphokoso: ukawamva umaona fumbi, miyala ndi anthu akuthawa. Lachingelezili mulibe phokoso, mulibenso munthu. Silinena amene wayamba, amene wamenya kapena amene wafa. Limamveka ngati nyengo, ngati mvula yongobwera yokha. N'chifukwa chake olamula amalikonda.

Boma la tsankho la South Africa linaligwiritsa ntchito kwambiri. Litakhazikitsa malamulo a nthawi ya ngozi mu 1985, ndiponso m'dziko lonse pa 12 Juni 1986, atolankhani analetsedwa kulemba zimene aona m'makomboni. M'malo mwake boma linkatulutsa lipoti la tsiku ndi tsiku la "unrest", momwe wophedwa ndi apolisi ankangokhala nambala. Nthawi imeneyo Mogwase inali mu Bophuthatswana, dziko limene boma la tsankho linapatsa ufulu wa dzina lokha mu 1977 pansi pa Lucas Mangope. Kumeneko bungwe la ogwira ntchito m'migodi la NUM silinkaloledwa. Ulamuliro wa Mangope unagwa mu Malichi 1994 anthu ataukira ku Mmabatho.

Tsankho linatha, koma liwu lija linatsala. Mu Ogasiti 2012 anthu oboola miyala pa mgodi wa Lonmin ku Marikana ananyanyala ntchito, akufuna malipiro a R12,500 pamwezi. Anthu khumi anafa m'masiku oyamba, mwa iwo apolisi awiri ndi alonda awiri a kampani. Pa 16 Ogasiti apolisi anawombera ndi kupha ogwira ntchito 34, navulaza ena 78. Kenako anthu 270 amene anamangidwa anaimbidwa mlandu wopha anzawo omwe, ngakhale zipolopolo zinali za apolisi. Mlanduwo anauchotsa patangopita masiku ochepa anthu atadandaula kwambiri. Komabe m'malipoti a zamalonda zonsezi zinkalowa m'mawu awiri akuti "labour unrest", ndipo chodetsa nkhawa chinali mtengo wa pulatinamu. Komiti yofufuza ya Jaji Ian Farlam, imene lipoti lake linatuluka mu Juni 2015, inadzudzula mmene apolisi anakonzera ntchito ya tsikulo.

Mu 2014 anthu pafupifupi 70,000 a bungwe la AMCU ananyanyala kwa miyezi isanu, kuyambira Januwale mpaka Juni, ku Lonmin, Impala ndi Anglo American Platinum. Sitalakayo inali yololedwa ndi lamulo, koma nayonso inatchedwa ndi liwu lomwe lija.

Kwa Amalawi nkhaniyi si yachilendo. Agogo athu anapita ku Joni ndi Wenela, ndipo kwathu komwe atsamunda anali ndi liwu lawo, "disturbances". Ndilo linaphimba zimene zinachitika pa 3 Malichi 1959, pamene asilikali anawombera anthu ku Nkhata Bay. Komiti ya Devlin inawerenga anthu 51 amene anafa m'dziko lonse nthawi imeneyo. Ife tsikulo timalitcha la Ofera Dziko, dzina limene limanena poyera kuti panali anthu ndipo anafa.

Apa pali phunziro kwa aliyense womasulira nkhani. Chichewa chili ndi mneni wofunsa mwini: anapha ndani, anaphedwa ndani, ananyanyala chifukwa chiyani. Tikangolemba kuti kunali chipwirikiti ku Marikana, tamaliza ntchito ya amene anasankha liwu lachingelezi lija. Akazi amasiye a ku Eastern Cape ndi ku Lesotho amadziwa kuti amuna awo anaphedwa.