Chifuwa Chachikulu m'Makanema Akale

Pamene Robert Koch ankatulukira kachirombo koyambitsa chifuwa chachikulu m'chaka cha 1882, kanema anali asanabadwe. Atabadwa, ojambula sanachedwe kuiona nthendayi, koma sanaione mofanana.

Ku America, m'kanema wa 1936 wotchedwa Camille, Greta Garbo anasewera ngati mayi wodwala chifuwachi amene anatsirizika ali chikongolerecho. Aliyense amene anadwazikapo mbale wake wotsokomola magazi akudziwa kuti limeneli linali bodza lokometsera. Wolimba mtima anali The Temple of Moloch, kanema wa kampani ya Edison wa 1914. Iyeyu analoza chala mwini fakitale amene ankagwiritsa anthu ntchito m'fumbi ndi kuwagoneka m'nyumba zothithikana, kufikira nthendayo inalowa m'banja lake lomwe.

Makanema a atsamunda kuno ku Africa sanatsate njira imeneyo. Pakati pa 1935 ndi 1937, gulu la Bantu Educational Kinema Experiment linayendera maiko angapo, kuphatikizapo Nyasaland, ndi makanema ophunzitsa. Kuyambira 1948, bungwe la Central African Film Unit la ku Salisbury linkajambula makanema amene galimoto za boma zinkaonetsa m'midzi kukada. Ku Gold Coast nako, mu 1946, kunajambulidwa Fight Tuberculosis in the Home, ndipo dzina lokhalo likuulula maganizo a eni ake: nkhondoyi imenyereni m'nyumba mwanu. Makanema azaumoyo a nthawiyo ankakonda kuonetsa wanzeru wopita kuchipatala ndi wopusa wothamangira kwa sing'anga, ngati kuti gwero la matenda onse ndi umbuli.

Tsono taganizani za munthu wothyola tiyi ku Thyolo m'zaka zimenezo. Ambiri anali Alomwe ochokera ku Mozambique, okhala pamalo a azungu ndi kulipira malowo pogwira thangata. Langizo loti wodwala azigona payekha, pamalo popita mphepo, n'loona ndithu. Koma akanalitsata bwanji bambo wogona ndi banja lake lonse m'kanyumba kamodzi, chitseko chili chitsekere chifukwa cha chiperoni? Kachiromboka kamayenda mumpweya, ndipo kamagwetsa msanga thupi losadya mokwanira. Amuna enanso a dziko lino ankakatenga kumigodi ya golide ya ku Johannesburg, kumene ankapita kudzera ku Wenela, nabwezedwa kwawo mapapo atatha kale, kudzatsokomolera akazi ndi ana. Malipiro ochepa, nyumba zopanikiza ndi fumbi la mumgodi si zinthu zimene boma lotolera msonkho wa tiyi ndi ndalama za Wenela likanafuna kuonetsa pansalu yoyera.

Thangata linathetsedwa mu 1962, bungwe la makanema lija linatsekedwa mu 1963, ndipo Malawi anakhazikitsa ndondomeko yake yolimbana ndi chifuwa chachikulu mu 1964. Nthendayi inadzabukanso mwamphamvu itabwera Edzi. Chipatala cha Thyolo, mothandizidwa ndi Médecins Sans Frontières, chitayamba kuyeza magazi a odwala chifuwachi mu 1999, atatu mwa anayi alionse anapezeka ndi HIV.