Kuitanitsa Mayi a Kunyumba ku Joni: Mawu Amene Lamulo Limamva

Orange Farm ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kum'mwera kwa mzinda wa Johannesburg, m'mbali mwa msewu wa Golden Highway. Oyamba kumangapo zisakasa mu 1988 anali anthu amene anachotsedwa ntchito m'mafamu ozungulira, ndipo lero ndi dera lalikulu la maekisitenshoni ambirimbiri. Amalawi alimo. Ena ndi matelala, ena amagwira ntchito za m'gadeni ndi zomangamanga, ndipo ambiri amachita lendi kachipinda kuseri kwa nyumba ya eni dziko. Munthu akangoti wapeza polowera, wagula bedi ndi kasitovu, mawu amene amatsatira amadziwika: "Ndikufuna ndiwaitanitse mayi a kunyumba."

Kwa ife kuitanitsa ndi kutumiza ndalama ya basi pa Mukuru, kulankhula ndi transipota, kenako kukadikira ku Park Station. Koma lamulo la South Africa loona za anthu olowa ndi kutuluka, Immigration Act ya 2002, pamodzi ndi malamulo ake aang'ono amene anayamba kugwira ntchito pa 26 Meyi 2014, limayamba ndi kufunsa woitanayo: inu muli m'dziko muno ngati ndani? Apa ndi pamene mawu athu a tsiku ndi tsiku amatipusitsa. Pepala lililonse timalitchula kuti pemiti. Chonsecho kuyambira 2014, chilolezo chilichonse chokhala ndi tsiku lothera, kaya cha ntchito, cha sukulu kapena cha bizinesi, m'lamuloli chimatchedwa viza, ndipo dzina la permit linatsalira chilolezo chokhala mpaka kalekale, permanent residence permit. Wa viza ya ntchito ndi mlendo basi, ngakhale atakhala zaka zisanu pa ntchito imodzi. Mkazi wakenso adzalowa ngati mlendo.

Mlendo, m'maso mwa boma, ndi munthu amene adzabwerera kwawo. Nkhani yonse yagona pamenepa. Mmalawi wa pasipoti wamba safunikira kufunsiratu viza akamapita kukacheza ku South Africa. Amaloledwa kukhala masiku osapitirira 30. Pa Beitbridge ofisala amadinda pasipoti n'kulemba tsiku limene munthu ayenera kukhala atatuluka, ndipo anthu akabwerera m'basi funso limakhala limodzi: "Akupatsani masiku angati?" Kachidindo kameneko ndiko visitor's visa. Masiku 30 ndi malire chabe, ofisala akhoza kupereka ochepa, ndipo ali ndi mphamvu yofunsa zinthu zitatu zimene malamulo amafuna kwa mlendo: cholinga ndi kutalika kwa ulendo, tikiti yobwererera, ndi ndalama zokwanira kudzisamalira. Mumtima mwa munthu palibe amene amaonamo, choncho cholinga chobwerera chimayezedwa ndi zinthu zogwirika. Pamene pali chikayikiro, kapena pofunsira viza ku maofesi a akazembe a mayiko ena, amafufuzanso zimene zimamangirira munthu kwawo: ntchito yolembedwa, bizinesi, nyumba, ana amene ali pasukulu.

Chimene chimandipweteka n'chakuti mayi wa kumudzi ku Mangochi kapena ku Machinga ali ndi zomumangirira zolimba kuposa za munthu wa pa ofesi, koma zilibe pepala. Kumene anthu amatsata chikamwini, munda ndi wa kuchikazi. Nyumba ya njerwa zootcha ndi malata, imene bambo wamanga ndi ndalama za ku Joni, yaima pa malo a kwawo kwa mkazi. Mbumba ili pomwepo, manda a makolo ali pomwepo. Mayi wotere sangatchone chisawawa. Komabe akafunsidwa umboni, chimene angatulutse m'jumbo yapulasitiki momwe wakulungamo pasipoti ndi kalata ya a nyakwawa, mwinanso kalata ya ahedi a pasukulu ya ana. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kuti makalata amenewa azitengedwa ndithu, odindidwa bwino, ngakhale atapanda kufunsidwa.

Kufuna chikole choti Mmalawi adzabwerera sikunayambe lero. Nthawi ya Wenela ndi Theba, mabungwe olemba anthu ntchito, agogo athu ankapita ku migodi pa kontirakiti ya miyezi yowerengeka, ndipo gawo lina la malipiro awo linkasungidwa kuti akalandirire ku Malawi. Akazi sankaloledwa m'makomboni a m'migodi. Ndalama yotsala ija ndi mkazi wosiyidwa kumudzi ndizo zinali chingwe chokokera munthu kwawo, ndipo amene anadula chingwecho ndiwo tinkawatcha matchona. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu. Kulembako kunayambiranso mu 1977, n'kudzatheratu mu 1988 pa mkangano wa kuyeza anthu kachilombo ka HIV. Pambuyo pake kunali repatriation deposit, ndalama imene ofunsira ziphaso ena ankasiya ku boma kuti idzalipirire ulendo wawo ngati atathamangitsidwa. Malamulo a 2014 anaichotsa. M'malo mwa chikole cha ndalama munabwera chilango cha zaka.

Wopitiriza masiku kale ankalipira faindi n'kumapita. Lero potuluka amalembedwa kuti ndi undesirable person, munthu wosafunika. Akapitiriza ndi masiku osaposa 30, saloledwa kulowanso kwa miyezi 12. Akabwereza pasanathe miyezi 24, zaka ziwiri. Akapitiriza ndi masiku oposa 30, zaka zisanu. Taganizani mayi amene wabwera kudzaona bambo, wakhala miyezi itatu, kenako kwagwa maliro kumudzi. Potuluka pa Beitbridge walandira zaka zisanu. Pofuna kuzemba zimenezi ambiri amadinditsa, kupereka pasipoti kwa munthu kuti akaidindire ku boda eni ake ali phee ku Orange Farm. Koma amene wapezeka ndi viza, pasipoti kapena chitupa chachinyengo amagwera m'gulu lina, prohibited person, la m'gawo 29 la Immigration Act. Chilango cha undesirable chili ndi tsiku lothera. Cha prohibited chilibe, mpaka mkulu wa Home Affairs, Director-General, atachichotsa yekha. Anthu amawaphatikiza mawu awiriwa ngati ndi amodzi, pamene kusiyana kwake kungathe kupasula banja.

Nanga makomo olondola ndi ati? Ngati bambo ali ndi viza ya ntchito, ya sukulu kapena ya bizinesi, mkazi angafunsire viza yotchedwa accompanying spouse, yoperekeza mwamuna. Imayenda limodzi ndi viza ya mwamunayo ndipo siyilola kugwira ntchito. Ngati woitana ndi nzika ya South Africa kapena ali ndi permanent residence, makomo alipo awiri. Relative's visa ya m'gawo 18 imakhala mpaka zaka ziwiri, koma mwini wake saloledwa kugwira ntchito. Viza ya m'gawo 11(6), imene ambiri amangoiti spousal, ndi ya mkazi kapena mwamuna wa nzika kapena wa permanent residence, ndipo angathe kuilembapo chilolezo chogwira ntchito, kuphunzira kapena kuchita bizinesi. Ukwati ukakwanitsa zaka zisanu, gawo 26(b) limatsegula njira ya permanent residence. Mafomu a mkati mwa dziko amaperekedwa kudzera ku kampani ya VFS Global. Ku Malawi nkhani zotere zimayambira ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe. Wokanidwa ali ndi masiku 10 ogwira ntchito oti achite apilo.

Makomo onsewa amafuna chinthu chimodzi chimene lamulo limachitcha good faith spousal relationship, kutanthauza ukwati weniweni, osati wongopangira mapepala. Ku Malawi, lamulo la maukwati la 2015, Marriage, Divorce and Family Relations Act, limavomereza ukwati wa kwa DC, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, wa chinkhoswe, ngakhalenso wa anthu amene akhalira limodzi nthawi yaitali. Kwa ife, ankhoswe a mbali zonse akagwirizana, nkhuku itadyedwa, ukwati wakhazikika. Koma ofisala wa ku Pretoria sangaitane malume kuti adzachitire umboni. Amafuna mtchatho, kapena chikalata cha boma la Malawi chotsimikiza ukwatiwo. Amene sanalembetse koma akukhalira limodzi amatchedwa life partners: ayenera kusonyeza kuti akhala limodzi zaka ziwiri, kusaina mgwirizano pamaso pa notary, amene ndi loya wa udindo wapadera, ndipo akhoza kufunsidwa mafunso aliyense payekha. Afidaviti ya ku polisi, ija timaidalira pa chilichonse, siyilowa m'malo mwa mgwirizano umenewu.

Umboni wokhalira limodzi ndi wovuta mwapadera ku Orange Farm. Lendi imaperekedwa pamanja, magetsi amagulidwa pa mita ya landilodi, ndipo pa chitseko cha kachipinda ka kuseri palibe dzina la munthu. Chimene chimatsala ndi tinthu tomwe timataya: marisiti a ndalama zotumizidwa kumudzi mwezi ndi mwezi, kalata ya kubadwa kwa mwana yokhala ndi maina a makolo onse, kalata yolumbira ya landilodi, zithunzi za pa chinkhoswe. Tinthu timeneti tiyenera kusungidwa ngati ndalama.

Tsopano onani mfundo imene lamulo linadzimanga lokha. Mkazi akamalowa ngati mlendo amalonjeza kuti abwerera. Akamafunsira viza ya ukwati ayenera kusonyeza kuti malo ake ndi pambali pa mwamuna wake. Gawo 10(6) limaletsa mlendo kusintha mtundu wa viza ali mkati mwa dziko, zimene zimatchedwa change of status, moti kwa zaka zingapo akazi ndi amuna a eni dziko ankakakamizika kubwerera kwawo kukadikira yankho. Khoti la Constitutional Court linali litagamula kale mu 2000, pa mlandu wa Dawood, kuti kulekanitsa anthu okwatirana n'kuphwanya ulemu wa umunthu wawo. Mu Juni 2019, pa mlandu wa Nandutu, mayi wa ku Uganda, khotilo linalola kuti mkazi, mwamuna kapena mwana wa nzika kapena wa permanent residence afunsire ali mkati momwemo. Mu Disembala 2023, pa mlandu wa Rayment, linateteza kholo lochokera kunja limene ukwati wake watha koma likulera mwana amene ndi nzika, kuti lisathamangitsidwe kapena kuletsedwa ntchito. Mmalawi amene anakwatira ku South Africa n'kubereka ana ayenera kuwadziwa maina atatuwa. Koma Nandutu sakhudza mkazi wa munthu wa viza ya ntchito. Ameneyo afunsirebe asananyamuke ku Malawi.

Kumayiko ena mawu omwewa a cholinga chobwerera amaloza kwina. Nzika ya Canada imene ikukhala kunja, ikafuna kutengera mkazi wake ku Canada, iyo yomwe ndiyo imapereka umboni woti idzakakhaladi kumeneko: kalata ya ntchito, nyumba ya lendi, sukulu ya ana. America imafuna kuti wosaina fomu ya I-864, yolonjeza kusamalira mkazi, asonyeze kuti mudzi wake weniweni, domicile, uli ku America kapena akukaukhazikitsanso. Kumeneko wokayikiridwa ndi woitana, pamene pa Beitbridge wokayikiridwa ndi woitanidwa. Amene amawerenga malangizo pa intaneti asamale, chifukwa ambiri mwa iwo analembedwera Canada ndi America. Ndipo wa pepala la asailamu ku South Africa adziwe kuti anauza boma zosiyana ndi zonsezi, kuti sangathe kubwerera kwawo; akapita ku Malawi kukatenga mkazi, pepala lakelo lili pa chiopsezo.

Choona chowawa n'chakuti Amalawi ochuluka amene amagona m'tizipinda ta kuseri alibe khomo ngakhale limodzi mwa amenewa. Wopanda mapepala sangaitanitse munthu mwalamulo, ndipo telala kapena wa m'gadeni kupeza viza ya ntchito n'kovuta kwambiri. Anthu a ku Zimbabwe anapatsidwa chilolezo chapadera kuyambira 2009, chimene lero chimatchedwa Zimbabwe Exemption Permit. A ku Lesotho nawonso ali ndi chawo. Amalawi, amene thukuta lawo linakhetsedwa m'migodi ya golide kwa zaka makumimakumi, alibe. Iyi ndi nkhani imene boma la Malawi, kudzera mwa kazembe wake ku Pretoria ndi ofesi yake ya ku Johannesburg, liyenera kuikankha pa zokambirana za mayiko awiriwa. Podikira zimenezo, maofesi omwewa angathe kulemba matanthauzo a maviza amenewa m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chitumbuka, n'kuwagawa m'mipingo, m'mizikiti ndi m'magulu othandizana pa maliro, kumene Amalawi a ku Orange Farm amakumana kale.